Buku Limene Ndinabwereketsa Mkazi wa Shefu

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Marondera. Ali ndi anzake amene amakumana Loweruka masana, kumwa tiyi n'kumakambirana za mabuku. Mwezi watha anandiimbira foni.

"Ababa, anzangawa akufuna mabuku oopsa. Osati a ana, oopsa enieni. Ndawauza kuti bambo anga ndiye amawadziwa. Tilembereni atatu amene mumawakonda."

"Mukawapeza kuti?"

"M'tauni muno."

"Chabwino. Chifukwa kwa ine kulibe."

Nkhaniyo mwana wanga anaimva, koma anaimvera kwa anthu. Ine sindinamuuzepo. Ndiye ndilemba atatuwo, ndilembenso chimene chinawachitikira. Mayina a mabuku musayembekezere. Awiri anafika m'manja mwanga atathothoka kale zikuto. Lachitatu dzina ndikulidziwa, koma linatchulidwa pagulu ngati dzina la mfiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo silituluka pakamwa panga. Pitani kwa aja amayala mabuku akale pansi pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi aja. Auzeni nkhani yake. Iwo amadziwa.

Ine ndinabadwira pa pulazi lino, chakuno kwa Goromonzi. Bambo anga anachokera ku Malawi. Anakumba mkuwa ku Mhangura mpaka chifuwa chinawakana, kenako anabwera ku fodya. Sukulu ndinalekezera Giredi faifi. Ntchito yanga ndi moto. Ndimasonkha ng'anjo za mabalani, mmene timaumitsira fodya, ndipo ndinayamba ndisanamere ndevu. Lamulungu ndimapita kutchalitchi. Ndinalowanso gule, monga bambo anga. Za kudambwe sindilemba pano. Ndangotchula chifukwa zikubwera kutsogoloku.

Mabuku ndinawapeza chaka chimene mapulazi analandidwa. Mzungu wa pano anachoka ndi lole imodzi. Mkazi wake anasiya mulu wa mabuku pakhonde, akuvumbwa ndi mvula. Anthu a m'komboni anatola. Ena ankakolezera moto, ena ankapita nawo kuchimbudzi. Ine ndinadzaza thumba la feteleza kuti ndizipichirira chingambwe. Sindinama kuti ndinawapulumutsa. Ndinkafuna pepala.

Kuyang'anira ng'anjo ndi ntchito yodikira. Uponya chikuni, uona kutentha, ukhala pansi. Balani limodzi sabata yathunthu. Tsiku lina ndinang'amba tsamba, ndipo ndisanathirepo fodya maso anagwera pa mzere wina. Panalembedwa kuti wina akugogoda pansi pa nthaka. Ndinafuna kudziwa kuti ndani. Masamba a kumayambiriro ndinali nditasuta kale. Ndinadzitukwana. Ndinabwereka dikishonale ya kusukulu ya mwana wanga yemweyu, ndikuyamba kulondola mawu ndi chala. Buku limenelo linanditengera nyengo yonse ya fodya. Chaka chotsatira ndinamaliza awiri. Kenako ndinasankha. Achikondi ndi aja ophunzitsa kuweta mahatchi ndinawasuta onse, ndipo sindidandaula. Oopsa ndinasunga. Analipo khumi ndi limodzi.

Anthu amafunsa kuti munthu wamkulu, wokumba manda, angawerengerenji zoopsa. Mabuku enawo amanama. Amati ukakhala munthu wabwino zinthu zidzakuyendera. Oopsa sanena zimenezo. Mmenemo munthu amaona chinthu ndi maso ake, akauza anzake amuseka. Amataya nyumba popanda mlandu. Zimenezo ndiye ndimazidziwa.

Ndinkawasunga m'thumba lomwe lija, lomanga ndi luzi, lopachika kudenga poopa chiswe. Chitseko chikakhala chotsegula anthu ankaliona. Ankaganiza kuti muli za gule. Akazi ankatembenuza nkhope podutsa. Ine sindinawawongolere. Mwamuna wa kudambwe safotokozera anthu za m'thumba lake, ngakhale mutakhala mbatata. Apo ndiye ndinalakwa koyamba.

Tsopano mabuku.

Loyamba ndi lija la wogogoda. Ndi la mumgodi. Muli ngalande imene inatsekedwa kalekale miyala itagwera anthu. Okumba ayamba kumva kugogoda kuseri kwa khomalo. Kugogodako si kwachisawawa, kukutsata kaimbidwe ka belu limene amaitanira chikepe. Manijala akuti kumbani. Mkulu wina wokalamba akuwerenga kugogodako, apeza kuti si belu lakuti tikwezeni. Ndi belu lakuti imani. Palibe womumvera, chifukwa amamwa. Bambo anga akanakhala moyo ndikanawawerengera. Iwo ankati pansi pali phokoso lina limene sufunsa mwini wake. Bukuli aliwerenge aliyense amene anagwirapo ntchito kwa munthu wosamva. Lili ndi chilema chimodzi. Wolemba anataya masamba ambiri pa ukwati wa manijala. Amenewo dumphani.

Lachiwiri mulibe magazi ngakhale dontho. Mayi wina akudwazika bambo ake okalamba amene mutu unasokonekera. M'mawa uliwonse mkuluyo amapereka moni kwa mwana wake, kenako amasuzumira kumbuyo kwa mwanayo n'kupereka moni wina, waulemu kwambiri. Dokotala akuti ndi ukalamba. Mayiyo avomera. Tsiku lina adzipeza atayala mbale zitatu patebulo, osakumbukira kuti waganiza liti. Basi, linalo mudziwerengere. Ine ndinaliwerenga chaka chimene mkazi wanga ankadwala, ndipo sindinayenera kutero. Musapatse munthu amene ali ndi wodwala m'nyumba. Dikirani maliro apite, papitenso chaka.

Lachitatu ndiye loposa onse. Banja lina ligula nyumba yakale kudziko lozizira, motchipa. Eni ake oyamba anachoka mwadzidzidzi, palibe wonena chifukwa. Nyumbayo sikuwa, siponya mbale, ilibe chiwanda cha nyanga. Imangobwezera zinthu pamene eni ake ankaziika. Asuntha tebulo, mawa lake alipeza pakale. Atseka khomo lina ndi njerwa, njerwazo azipeza panja zitasanjidwa bwinobwino. Mkazi ayamba kuphika zakudya zimene sanaphunzirepo. Kenako mwana wawo ayamba kuyankha akaitanidwa dzina la wina. Ndinaliwerenga katatu. Kachitatu ndinali ndikudziwa zonse, koma ndinkachewukabe, dzuwa likuswa mtengo. Masamba asanu omaliza anang'amba mnzanga woyendetsa thirakitala, tsiku lina nditapita kukatunga madzi. Anasuta mathero a buku labwino chotero. Sitinalankhulane sabata ziwiri.

Limeneli ndilo linandigwetsa.

Pulazi litadulidwa zigawo, chigawo chachikulu chinapita kwa munthu wa ku Harare, pamodzi ndi nyumba ya mzungu, mabalani ndi komboni yathu. Timamutcha shefu. Amabwera Lachisanu, kubwerera Lolemba. Ife timakhala m'komboni malinga ngati iye akufuna. Pepala la nyumba tilibe. Mkazi wake anali mphunzitsi, anasiya ntchito kudzayang'anira fodya. Sanali munthu woipa mtima. Ankapereka moni, ndipo ankadziwa mayina a ana a m'komboni.

Nyengo ya fodya ya chaka chatha anandipeza pa balani masana, buku lili m'manja. Iwo amalankhula Chishona, amanditcha sekuru, ndiye kuti agogo, koma ndilemba m'chathu.

"Sekuru, mumawerenga Chingerezi?"

"Pang'ono, amayi."

"Ndi Baibulo?"

"Ayi."

Analitenga. Linali la mumgodi lija. Anawerenga tsamba limodzi ataima, kenako lachiwiri. Anakhala pa chikuni, diresi loyera, osasamala phulusa.

"Muli nawo ena?"

"Alipo."

"Kuno ndikufa ndi phukwa, sekuru. Magetsi amangozimazima, foni imavuta kugwira. Mundibwereke limodzi. Labwino kuposa onse ndi liti?"

Zaka zonsezo palibe amene anandifunsapo funso limenelo. Palibe ndi mmodzi yemwe. Mtima unasangalala ngati wa chitsiru. Mawa lake ndinamasula thumba, ndinapukuta buku la nyumba lija ndi malaya anga, ndinakapereka kukhomo la kukhitchini. Ndinaganiza za buku. Sindinaganize za nyumba imene akukhala.

Mnzanga wa thirakitala ndi amene anandiuza. Anandipeza ndikuwaza nkhuni.

"Achimwene, ndamva mwatsegula sukulu. Mwawapatsa liti adona?"

"La nyumba."

"Nyumba iti?"

"Ija unasuta mathero ake."

Anazimitsa injini. Nkhani yake ankaidziwa, chifukwa ndinamufotokozera pomukalipira. Anatsika, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anthu alowa nyumba ya eni ake, nyumba iwathamangitsa. Limenelo?"

"Limenelo."

"Mwapatsa mayi wogona pabedi la mzungu? Inu, mwamuna wa gule, wa thumba lakudenga? Achimwene, utsi wa mabalaniwu unakuumitsani ubongo. Kodi la mahatchi panalibe?"

"Ndinasuta."

"Thamangani mukalitenge. Mukanene kuti mwalakwitsa."

Sindinapite. Munthu wapempha labwino, ndamupatsa labwino. Ndikalande chifukwa chiyani? Apo ndinalakwa kachiwiri.

Patapita sabata zitatu pampu ya pachitsime inapsa. Sabata yomweyo ng'ombe yamkaka inafa. Inadya pulasitiki, ndinaiona ndi maso anga m'chifu posenda. Kenako chitseko china cha m'nyumba yaikulu, chimene shefu anakhomerera ndi misomali atangolowa, chinapezeka chotsegula. Thabwa linali litafumbwa, aliyense akanaona. Mayi wantchito wa m'nyumbamo anatiuza kuti amayi aja anaseka patebulo n'kunena kuti zikuchitika ngati za m'buku la sekuru. Shefu anafunsa kuti buku lanji. Analitenga, anawerenga kuseri kwa chikuto. Iye sanaseke.

Loweruka m'mawa anatiitana tonse ku shedi. Panali mneneri wa mapositori, wometa mpala, mkanjo woyera, ndodo m'manja. Anali atayendayenda kale kuzungulira nyumba yaikulu. Atandiona anayamba kunjenjemera n'kuloza komboni. Anati mzimu wamuonetsa thumba lopachika kudenga. Mzimu wanji? Thumbalo ngakhale nkhuku za m'komboni zinkalidziwa.

Anatuma amuna awiri m'nyumba mwanga, ine ndili pomwepo, osandipempha. Thumbalo analinyamula pa mtengo ngati nguluwe, poopa kulikhudza. Akazi anafunda nsalu kumaso, ena anathawira kuseri kwa thanki. Mneneri analiwaza madzi, anadula luzi ndi mpeni, analikutumula ndi ndodo. Mabuku anagwa pa simenti.

Mayi wina anaphulika kuseka.

"Aaa! Zaka zonsezi timathawa laibulale?"

"Zilombo za masiku ano zimabwera ndi manambala a masamba," anatero mnzanga wa thirakitala.

Anthu anaseka. Ndinaganiza kuti zatha. Koma munthu amene waitana mneneri kuchokera kutali safuna kusekedwa pamaso pa antchito ake. Shefu anamenya chitseko cha galimoto ndi dzanja. Mneneri anatola buku limodzi ndi nsonga za zala, lokhala ndi chithunzi cha nkhope yopanda maso. Anati izi n'zoipa kuposa nyanga, chifukwa nyanga imagwira mmodzi koma buku limayenda.

"Iwe mudhara, nkhalamba iwe," anatero shefu. "Unapatsa mkazi wanga buku la anthu olowa nyumba ya ena n'kuthamangitsidwa. Umafuna kutiuza chiyani?"

"Palibe, shefu."

"Anakutuma ndani? Mzungu wako?"

"Mzungu sanandisiyire ngakhale moni."

"Inu a zvigure, a gule wanuyo, timakudziwani. Masana kutchalitchi, kwinaku zina."

"Munthu wanu wa ng'ombe atamwalira wopanda abale, anamuika ndani, shefu? Si ife a zvigure?"

"Usandiyankhe!"

"Amayi anandifunsa labwino kuposa onse. Ndinawapatsa. Afunseni, ali apo."

Anali ataima pafupi ndi galimoto, manja atapinda. Onse anawayang'ana. Mawu ofunika anali ochepa. Akanangoti, ndinapempha ndine. Mphunzitsi, wodziwa kuti buku ndi buku. Anayang'ana nsapato zawo.

"Anangondipatsa. Ine sindinkadziwa za mkati."

Ndakwiyapo kambiri pa moyo wanga. Ndinakwiya mzungu atamenya bambo anga ali okalamba. Ndinakwiya potiuza kuti minda si ya anthu obwera, ine wobadwira pano. Koma mkwiyo wa tsiku limenelo unali wina. Enawo sanakhalepo pa chikuni changa.

Shefu anapereka chigamulo. Ndiwotche mabuku onse ndi manja anga, pamaso pa anthu, mneneri apemphere, nkhani ithe. Ndikakana, pofika kutha kwa mwezi ndikhale nditatuluka m'komboni.

Ndipite kuti? Ku Malawi sindinapondeko. Mudzi wa bambo anga ndimaudziwa dzina lokha. Ana ali m'tauni, m'zipinda za lendi. Mkazi wanga agona kuseri kwa mabulugamu, pamodzi ndi bambo anga, mayi anga, ndi ana awiri amene sanakule. Wosesa pamenepo ndine. Ndikachoka, khasu la thirakitala silifunsa kuti mulu uwu ndi wa yani.

Ndinatola mabuku. Ndinawabwezera m'thumba, ndinasenza. Gulu lonse linanditsata mpaka pa balani lachitatu, limene linali ndi moto.

Mneneri anafunsa kuti buku lenilenilo lili kuti. Amayi aja anayankha msanga. Anati analiwotcha kale dzulo m'mbaula ya kukhitchini. Shefu anagwedeza mutu. Anatsala khumi.

"Ponya thumba lonse," anatero shefu.

Apa pali chimene chimandipweteka kuposa zonse. Fodya wa m'balani limenelo anali ndi masiku awiri okha. Anali akusanduka wachikasu. Pa nthawi imeneyo moto umafunika waung'ono, wofatsa, ngati wofunditsa mwana. Ukaukweza mwadzidzidzi, tsamba limauma lisanapse mtundu, limatsala lobiriwira, ndipo kumsika salifuna. Thumba la mapepala ouma likanalilima kamodzi n'kamodzi. Ndinadziwa zimenezo. Shefu sankadziwa. Mneneri sankadziwa. Ndikanangoponya. Analamula yekha, anthu onse akumva. Balani lonse likanaonongeka, ndipo palibe akanandiloza chala.

"Ayi, shefu. Fodya aonongeka. Limodzilimodzi."

Ndinamva pakamwa panga pakulankhula. Manja anali atatsegula kale chitseko cha ng'anjo. Zaka makumi anayi za ntchito sizifunsa kuti wakwiya kapena ayi.

Ndiye ndinawotcha limodzilimodzi. Kuponya buku, kutseka, kudikira lipse, kuzungulira kukaona kutentha pa galasi loyezera, kubwerera, kuponya lina. Buku silipsa msanga ngati mmene anthu amaganizira. Limapindika, limatseguka lokha, masamba amadzitembenuza. Umafunika kulitakasa ndi chitsulo. La bambo wopereka moni lija linatsegukira pamene ndinapindapo ngodya chaka cha matenda a mkazi wanga. Ndinalikankhira mkati. La mumgodi ndinaponya pomaliza.

Zinatenga maola awiri. Mneneri anatopa kuimba, anakakhala pamthunzi kumwa zoziziritsa kukhosi. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Shefu analowa m'galimoto kumvera wailesi. Amayi aja anachoka pa buku lachiwiri. Pomaliza tinatsala awiri, ine ndi mnzanga wa thirakitala. Sanaseke. Anandipatsa ndudu yopichira ndi nyuzipepala.

"Fodya ali bwanji?" anafunsa.

"Ali bwino."

"Chitsiru," anatero. Sindikudziwa ngati ankanena ine kapena shefu. Sindinafunse.

Fodya wa m'balani limenelo anatuluka wokongola ngati uchi. Ndi amene anagulidwa bwino kuposa onse chaka chimenecho. Shefu anati ndi mapemphero a mneneri.

Anzanga a kudambwe anamva kuwawa. Ena anati gule akatuluka pamaliro otsatira adutse dala kutsogolo kwa nyumba yaikulu, aime pageti, awaonetse chimene amaopacho. Ndinakana. Gule ndi wa maliro athu, si galu wolondera. Ndipo tikanatero, mneneri akanakhala wolondola.

Ndinatsala m'nyumba yanga. Msomali wa thumba ukadali kudenga. Akazi a m'komboni saopanso kudutsa pakhomo panga, ena amafika mpaka kusuzumira n'kufunsa ngati laibulale yatsegula.

Nthawi yosankha fodya inafika. Moto ukatha m'mabalani, ine ndimakhala pa tebulo m'shedi, kupatula masamba monga mwa mtundu wake. Tsiku lina masana, anthu atatuluka kukadya, amayi aja analowa. Kuyambira tsiku la moto anali asanandiyang'anepo kumaso. Anaima kutsidya kwa tebulo, anatola tsamba la fodya, akulitembenuzatembenuza.

"Sekuru."

"Amayi."

"Masamba omaliza mulibe."

Ndinapitiriza kusankha.

"Masamba a chiyani?"

"Mukudziwa."

"Munati munawotcha. Anthu onse anamva."

Anayang'ana kukhomo. Anatsitsa mawu.

"Lili pansi pa nsalu zanga m'sutikesi. Ndaliwerenga kawiri. Lathera pamene mayi uja waima pa masitepe, mwana akuyankha dzina lachilendo lija. Sekuru, ndiuzeni. Atuluka m'nyumbamo?"

Ndinaika fodya pansi. Mabuku anga khumi anapsa chifukwa cha limodzi, ndipo limodzilo linali moyo, likugona pa nsalu zochapa, m'nyumba ya mzungu mmene linachokera.

"Bwezani buku langa."

"Sindingathe. Akaliona lili kwa inu, mukudziwa chimene chichitike. Kwa ine safufuza."

"Mukawauze kuti munapempha ndinu."

"Sekuru, inu simudziwa mmene alili. Ine ndilinso ndi ana."

"Inenso ndili nawo. Awiri ali kuseri kwa mabulugamu."

Anati adzandigulira ena ku Harare, atsopano, okhala ndi zikuto. Ndinafunsa kuti ndikawapachika kuti.

"Mungondiuza mathero basi. Mawu awiri. Atuluka kapena satuluka?"

Mathero ndimawadziwa. Ndinawawerenga katatu asanasutidwe. Ndingathe kunena chiganizo chomaliza ngakhale mutandidzutsa kutulo. Pa pulazi lonseli, mwina m'boma lonse la Goromonzi, wodziwa ndine ndekha. Nyumba si yanga, munda ndilibe, thumba linapsa. Chimenechi ndiye changa.

Ndinatola tsamba limene anali kuligwiragwira, ndinaliona pa kuwala.

"Ili mwalithyola, amayi. Lapita ku giredi yotsika."

Ndinaliponya pa mulu wa zinyenyeswa. Anaimabe kanthawi, kenako anatuluka.

Abweranso kawiri. Ulendo wina anabweretsa shuga ndi masamba a tiyi. Shuga ndinalandira, chifukwa shuga alibe mlandu. Ulendo womaliza anati usiku sagona, amangoganiza za mayi wa pa masitepe uja. Ndinati pepani. Anati anafunsa m'masitolo a ku Harare, bukulo kulibe. Ndinati pepani kachiwiri.

Mwana wanga, uwauze anzakowo kuti atatu ndi amenewo. Ayambe ndi la mumgodi, chifukwa Chingerezi chake n'chosavuta. Akapeza la nyumba, atsegule kumbuyo asanalipire, awerenge manambala a masamba ngati akwana. Akapeza loperewera asandiimbire foni, sindiwauza. Ndipo wina akawafunsa kuti labwino kuposa onse ndi liti, ayambe aona nyumba imene wofunsayo amagona.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulire tsache lolimba. Mabulugamu ayoyola makungwa ambiri pa manda a mayi ako.